Chifunga cha m'Matepi a Whyson

Kuseri kwa msika wa Matero kunali kanyumba ka malata akale komwe Whyson ankaonetseramo mafilimu a vidiyo. Mkati munali mabenchi ogwedera, TV yokhazikidwa pa diramu, deki yoloŵetsamo matepi, ndi mpando umodzi wachitsulo kutsogolo kwenikweni. Mpandowo unali wa a Petros, ndipo ngakhale chidakwa cholowa ndi mutu wozungulira chinkadziwa kuti pamenepo sakhalapo.

A Petros anakalambira pa kanema. Unyamata wawo wonse unathera m'kachipinda ka makina pa holo ina ya m'tauni, akukulunga mafilimu pa mawilo ndi kusuzumira pa kabowo. Anaonera a makaboyi, a nkhondo, a karate, a chimwenye oimba mpaka mvula kugwa, ndi achikondi cha azungu chopsompsonana m'mawa asanatsuke n'komwe m'kamwa. Kenaka dziko linayamba kutsika chiphedi. Ufa unasanduka wa pamzere, makampani anayamba kudula anthu ntchito, ndipo munthu wanjala salipira tikiti. Holo ija inatsekedwa, eni ake n'kuibwereketsa kwa mpingo wina, moti pamalo pomwe ankagwa makaboyi panayamba kugwa anthu a ziwanda. A Petros anapatsidwa kalata ndi chanza, n'kubwerera ku Matero ndi maso awo okha.

Koma maso akewo! Whyson, amene anali ndi mutu wa malonda koma wosadziwa filimu ngakhale itamuluma, anawagwira msanga. Lolemba lililonse ankakabwereka matepi ku shopu ya a Mussa ku Kamwala, ndipo m'mawa, anthu asanayambe kubwera, a Petros ankakhala pampando wawo n'kuonera tepi iliyonse kuyambira pachiyambi mpaka maina a kumapeto. Akatha ankatenga choko n'kulemba mawu amodzi pabolodi la pakhomo. Filimu yabwino inali NYAMA. Yongopitirira nayo tsiku inali KAPENTA. Yachabechabe inali MADZI. Masiku amenewo munthu akatulutsa ndalama yoonera filimu ndiye kuti wamana mimba, choncho anthu ankayamba aŵerenga bolodi asanapise dzanja m'thumba.

Malamulo awo anali awiri. Loyamba, pabolodi salembapo bodza. Lachiwiri, filimu sauzidwa munthu asanaione. Woyamba kusimba mathero pamaso pawo ankatuluka m'kanyumbamo makutu akulira.

Malipiro ake anali kangachepe, kogulira kathumba ka ufa ka tsiku limodzi kamene a m'komboni amati pamela. Koma si ufa umene unkawadzutsa m'mawa. Alamu awo ku Katete anali atatumiza mawu kangapo kuti abwerere kumudzi akalime, popeza tauni yatha. A Petros ankakana, chifukwa kumudzi akanakangokhala nkhalamba yolephera khasu, pamene ku Matero anali munthu amene ena amamuimitsa pamsewu n'kumufunsa maganizo. Mpando uja ndiwo unali tauni yawo yotsala, ndipo ankaopa kuutaya kuposa mmene ankaopera njala.

Chaka chimenecho mwana wawo mmodzi yekhayo, Petronella, anakwatiwa ku Kitwe ndi mnyamata wa Chibemba dzina lake Ngosa. Ndalama ya basi inapezeka ya munthu mmodzi, ndipo ukwati wa mwana wamkazi suyenda popanda mayi. Choncho akazi awo, a Mainess, ndiwo anapita. A Petros anawaperekeza pa siteshoni ali gwa, ngati sizikuwakhudza, koma pobwerera anayenda wapansi njira yonse kuti asakumane ndi wowadziwa m'minibasi. Mwana wawoyo anali asanamuone kwa zaka zingapo.

A Mainess atabwerako sanavule ndi nsapato zomwe.

"Atate ake Petronella, mukanamuona mwana wanu polowa m'tchalitchi..."

"Basi, khalani chete," anatero a Petros. "Sanajambule pa vidiyo?"

"Anajambula, koma tepi ibwera mochedwa. Ndingokuuzaniko diresi lokha."

"Ngakhale batani. Ndidzaona ndekha."

A Mainess anameza nkhani yawo. Taganizani mayi wochokera ku ukwati wa mwana wake, nkhani ili tho m'khosi, n'kumuuza kuti aisunge miyezi. Ankakaitaya kwa anzawo pa mpope, koma m'nyumba munali zii, ngati ukwatiwo unali maliro.

Nthawi yomweyo n'kuti matepi atayamba kuwanyansa a Petros. Tsono matepi a m'komboni tonse tikuwadziwa. Tepi inkajambulidwa kuchokera ku inzake, inzakeyo kuchokera ku ina, mpaka imene inkafika ku Matero inali chidzukulu cha chidzukulu. Nkhope za anthu zinkatuwa, mitundu inkasefukira kunja kwa malaya, pansi pa chithunzi pankayenda mizere ngati nyerere. Anthu anazolowera kuonera filimu ngati akusuzumira m'madzi otsukira mbale. Choncho pamene a Petros anayamba kuona chifunga pa TV, sanadabwe ngakhale pang'ono. Anangoti akuba a matepi afika poipa.

"Whyson, hedi yada," ankatero.

Whyson ankatsegula deki, kunyowetsa thonje ndi sipiriti, n'kupukuta kachitsulo kozungulira kamene kamaŵerenga tepi. Akayatsanso, chifunga chili pomwepo. A Petros ankapotokola kabatani ka tirakingi, kowongolera chithunzi, uku ndi uku mpaka chala kuwawa, kenaka n'kudzuka ndi mtima wolema, kukalemba MADZI.

Anali atatopa, kunena zoona. Anali ataonera anthu ambiri akufa ndi kuukanso m'filimu ina, mwana wobwezera imfa ya atate ake kambirimbiri, galimoto zogubuduzika zosaŵerengeka. Akamva nyimbo yoyambira ankadziwa kale yemwe adzafe ndi yemwe adzakwatire. Mafilimu akale ankawakumbuka akuwala ngati mbale yatsopano, ndipo atsopanowa ankawaona ngati utsi wa mbaula. Ankauza aliyense wofuna kumva kuti azungu nawonso chuma chawagwera, alibenso magetsi ojambulira. Kunja nakonso kunali mbuu, koma unali mwezi wa Ogasiti, ndipo fumbi la Matero pa Ogasiti ndani salidziwa?

A Mainess okha ndi amene ankaona zina. Ankaona tiyi akuthiridwa pambali pa kapu. Ankaona amuna awo akupatsa moni wa ulemu kwa thumba la makala loimikidwa pakhomo pa aneba. Tsiku lina anayesa.

"Bwanji tipite ku kiliniki akakuoneni m'maso?"

"Maso anga atani? Maso amenewa ndi amene akukudyetsani. Ndipo ku kilinikiko kuli chiyani, si mapiritsi a mutu okhaokha?"

Pa mapiritsipo sananame, ndiye a Mainess anangosiya. Anayamba kuika kapu, sopo ndi nsapato pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, osanena kanthu.

Bolodi litakhala pa MADZI milungu yotsatizana, mabenchi anayamba kuoneka matabwa. Anyamata ankaŵerenga, kugwedeza mutu, n'kuwoloka kupita kwa Dixon, mwini kanyumba kena ka vidiyo ku komboni ya George, amene ankalemba kuti filimu iliyonse ndi moto. Whyson anali munthu waulemu, koma ulemu sauphika. M'mawa wina anatseka chitseko n'kukhala pa benchi moyang'anana ndi mpando uja.

"Ba mudala, tikambeko. Ija ya karate munalemba madzi, kwa Dixon bantu benze kuimilila na pa windo. Tepi imozi-mozi, yochoka kwa ba Mussa."

"Anthu a kwa Dixon angaonere ngakhale khoma loyera, bola pakhale phokoso."

"Awe, naine ninaitamba, ninaiona na maso yanga. Inali che bwino."

"Iwe unayamba liti kudziwa filimu?"

Whyson anakanda m'mutu. "Siniziba, ni zoona. Koma niziba njala. Ngati vizapitiliza so, bolodi nizayamba kulemba neka. Na mupando uyu nizaika kumbuyo, pakhale benchi ya bantu bolipila."

A Petros anamva mantha enieni, onga amene anawamva tsiku la kalata ija ku holo. Panjira yobwerera kunyumba anaganiza zolemba NYAMA pa tepi yotsatira, kaya ikhale yotani, koma dzanja lawo analidziwa, silikanavomera. Anadzitonthoza kuti tsiku lina kudzabwera tepi yoyera, ya orijino, ndipo onse adzaona kusiyana kwake n'kuwapepesa.

Tepi yoyerayo inabwera Lachisanu, m'manja mwa kondakitala wa basi ya ku Kitwe, itakulungidwa m'pepala la shuga. Inali ya ukwati. A Petros anaitembenuza m'manja, kuinunkhiza, n'kumva kuti pulasitiki yake ndi yatsopano.

"Iyi ndiye orijino," anauza Whyson. "Yachoka m'kamera kulunjika kuno, sinagone m'deki ya wakuba aliyense. Mawa udzaone chimene ndimatanthauza ndikati chithunzi."

Whyson anavomera kupereka kanyumbako Loweruka m'mawa, mafilimu olipira asanayambe. A Mainess anaitana azimayi a chigwirizano cha kutchalitchi ndi aneba, motsogozedwa ndi a Marjory, mnzawo wogulitsa naye tomato, mayi wosadziwa kunong'ona. Kanyumba kozolowera fungo la thukuta la anyamata kanadzaza zitenje zochapa ndi mafuta odzola. A Petros anavala jekete lawo la ku holo, lomwe linali litayamba kuwakulira, n'kukhala pampando wawo manja ali pamaondo. Mtima unkagunda ngati wa mnyamata, ndipo zinawachititsa manyazi.

Whyson analowetsa tepi. Kunamveka kwaya, kenaka nthungululu za m'TV, ndipo azimayi a m'kanyumbamo anazilandira ndi zawo.

A Petros anaona chinthu choyera chikuyenda pakati pa zinthu zakuda. Chinalibe nkhope. Chinali ngati nsalu yoyanikidwa patali m'mawa wa chifunga.

"Imitsa," anatero. "Hedi yada."

Azimayi anadandaula chapansipansi, koma Whyson anaimitsa. Anatsegula deki, kupukuta ndi sipiriti mofatsa, kupemerera, n'kubwezera tepi kuchiyambi. Kwaya inayambanso. Choyera chija chinatulukanso, chopanda nkhope chomwecho.

Mkwiyo unawakwera a Petros mpaka m'makutu. Miyezi yonse ija akudikira, atatseka pakamwa pa mkazi wawo, kuti alandire izi?

"Atibera," anatero mokweza. "Wojambulayo wasunga orijino, ife watitumizira kopi ya kopi. Ngosa analemba ntchito munthu wa kamera kapena wowotcha makala?"

Anadzuka n'kugwira kabatani ka tirakingi. Anapotokola kumanja, chifunga osasuntha. Anapotokola kumanzere mpaka kumapeto. Pamenepo chithunzi chinang'ambikadi, mizere inadzaza TV yonse, mkwatibwi n'kuduka pakati, mutu uku miyendo uko.

"Apa ndiye pakhalako bwino pang'ono," anatero a Petros.

"Imwe ba Petros, mwaononga!" anakuwa a Marjory. "Inali kiliya monga pa galasi. Tenze kuona na tumikanda twa pa velo, na ka mupata ka mu meno yake pamene aseka. Manje mwachita chani?"

Kwaya ya m'TV inkapitiriza kuimba osadziwa kanthu. Wina anamugunda a Marjory ndi chigongono, koma mawu anali atatuluka kale.

A Petros anaima chala chili pa kabatani. Anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mabenchi. Ankadziwa pamene akazi awo anakhala, kumapeto kwa benchi yoyamba, pafupi moti akanatha kuwakhudza ndi ndodo. Anayang'anitsitsa pamenepo. Panali chitenje chobiriwira, panali duku, ndipo pakati pake panali chifunga chomwe chija cha m'matepi a Whyson. A Mainess sanajambulidwe ndi wakuba aliyense. Anayang'ana kukhomo, kumene kuwala kunkalowera m'mphepete mwa chitseko, ndipo nakonso kunali kofalikira ngati mkaka wotayika.

Anakumbuka filimu ya karate ija, ndi ina ya nkhondo, ndi ya chimwenye imene anailemba MADZI pamene atsikana ankatuluka akupukuta misozi. Iwo amene sanalembepo bodza anali atanamiza Matero yense miyezi yonseyi, ndi mtima woyera. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti panalibe woti amukalipire.

Whyson anabwera mwakachetechete, n'kubweza kabatani pamalo pake. Sanawayang'ane kumaso, ndipo a Petros anamuthokoza mumtima chifukwa cha chimenecho.

"Nibwezele ku first, ba mudala?" anafunsa motsitsa.

"Bwezera."

Sanabwerere pampando wachitsulo. Anapapasa mpaka pa benchi yoyamba, azimayi n'kusendera, ndipo anakhala pambali pa akazi awo, phewa kukhudza phewa, zimene sanachitepo pagulu chikwatirane. Kwaya itayamba kachitatu, anaweramira ku khutu la a Mainess.

"Amake Petronella, ndiuzeni."

A Mainess anawayang'ana. "Ndikuuzeni filimu?"

"Ndiuzeni. Musasiye kanthu."

Anthu inu, nkhani yosungidwa miyezi situluka mwadongosolo. A Mainess anayambira ku keke, kulumphira ku azakhali a Ngosa amene anavina mpaka nsapato kuthyoka, kubwerera ku diresi, kenaka kuulula za mphatso zomwe zinali zisanafike n'komwe pa TV. Akanakhala munthu wina pa tsiku lina, akanathamangitsidwa. A Petros ankangowabweza modekha.

"Pano, pano. Akuchita chiyani pano?"

"Akulowa. Wagwira maluwa. Amalume ake ndi amene amugwira mkono, pamalo panu."

"Wanenepa?"

"Pang'ono, m'masaya. Wafanana ndi achemwali anu."

"Nanga mnyamatayo akumuyang'ana bwanji?"

A Mainess anayamba aonetsetsa asanayankhe, chifukwa ankadziwa kuti pamenepa ndi pamene amuna awo amaweruzira filimu ya chikondi. "Sakuyang'ana kamera. Akuyang'ana iye basi, mpaka abusa amukodola."

A Petros anagwedeza mutu. Anapitiriza chomwecho, mayi akusimba, bambo akufunsa, azimayi ena akuthirirapo ndemanga mwaulemu wachilendo. Ngakhale a Marjory anapeza kanong'onong'o kawo tsiku limenelo.

Chakumapeto phokoso la madyerero linachepa, ndipo mawu amene a Petros anali asanawamve zaka zija anatuluka m'TV ali pafupi, ngati mwanayo waima m'kanyumba momwemo.

"Atate, niziba muzatamba muli pa mupando wanu. Mwaniona? Manje mukambe zoona monga mwa masiku onse, iyi ni nyama, kapenta olo madzi?" Kenaka anaseka, wina n'kumukoka, tepi n'kuthera pomwepo.

Palibe anaseka naye. TV inangotsala ikuchita phokoso la mvula mpaka Whyson anaizimitsa. Kenaka anatenga choko pawindo n'kuchiika m'dzanja la a Petros, monga ankachitira m'mawa uliwonse.

A Petros anachigwira, kuchitembenuza, n'kutuluka nacho panja. Bolodi analipeza ndi dzanja. Azimayi anaunjikana kumbuyo kwawo akuyembekeza NYAMA, chifukwa ndi bambo uti angalembe china pa ukwati wa mwana wake? Choko chinakhudza bolodi, n'kukhala pomwepo osayenda.

"Sindinaione," anatero. "Sindingalembe filimu imene sindinaione."

Anapereka chokocho kwa a Mainess. Iwo sukulu anailekera panjira, ndiye analemba pang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu zopendekeka, lilime lili pakona pa mlomo. A Petros anamvetsera kulira kwa choko mpaka kutha, ndipo anadziwa mawuwo poŵerenga mikwingwirima yake ndi khutu.

"Mupando nizasunga, ba mudala," anatero Whyson. "Muzibwela che, olo kumvelako."

"Ika benchi, mwana wanga. Anthu olipira akhale."

Anatuluka pa msika dzuwa lili pamutu, ogulitsa akuitanira malonda kwa anthu opanda ndalama. A Petros anali atatopa ngati anyamula matumba a simenti, ndipo za ku Katete anadziwa kuti zikambidwa madzulo ano kapena mawa. Pa ngalande ya pafupi ndi malo ogulitsira makala, a Mainess anachepetsa liwiro osanena kanthu, monga ankachitira miyezi yonseyi, ndipo ulendo uno a Petros anazindikira chifukwa chake. Anatambasula dzanja n'kugwira nsonga ya chitenje cha akazi awo.

Atawoloka, a Petros anaitana akazi awo.

"Amake Petronella."

"Ee."

"Kampata ka m'mano kaja, kamene ananena a Marjory. Kakadalipo ndithu?"

"Kalipo."

"Ndiuzeninso pamene akulowa. Muyambire pakhomo, ndipo musathamange."